Kodi "erstwhile" ndiye kuti chani?

Wa pa Luchenza:
Abale ndithandizeni, dzulo ndimasuzumira mu sutikesi ya malemu agogo ndiye ndapeza kalata yachizungu yotayipa, pepala lake linachita kufiira ngati fodya, yochokera ku esiteti ya tiyi komwe ankagwira ntchito, penapake analemba kuti "our erstwhile capitao". Kapitawo ndikumudziwa, koma mawu apakatiwo ndi otukwana kapena oyamika? Amalume akuti ndi ulemu waukulu zedi.

Mphunzitsi wopuma, Thyolo boma:
Mwana wanga, si kutukwana, komanso si kuyamika ayi. Akungotanthauza "wakale", munthu amene anali pa udindo koma pano anachokapo. Ndiye kalatayo inalembedwa agogo anuwo atasiya kale ukapitawo. Mawuwa ndi awiri anachita kumata, erst ndi while. While ndi nthawi basi. Erst ndiye nkhalamba, anachokera ku Chingerezi chamakedzana ǣrest, kunena choyambirira penipeni, ndi pachibale ndi early yemwe mumamudziwayu, Ajeremani mpaka lero erst amamugwiritsabe ntchito. Erstwhile anayamba kuwoneka m'mabuku zaka za m'ma 1500. Mukamva mzungu akuti "the erstwhile Nyasaland" akunena dziko lathu lomweli lisanasinthe dzina mu 1964. Tayang'ananinso pa envelopuyo, sindikukayika analemba Cholo osati Thyolo.

Wa ku Chitakale:
Kkkkk amalumewo sali okha. Pa mwambo wina kusukulu kwathu mkulu woyendetsa mwambo anagwira maiki nkuyamba "our erstwhile headmaster", a hediwo ali pompo pa mpando wakutsogolo avala suti akumwetulira, ife tikuwomba m'manja, aphunzitsi a Chingerezi okha ndi amene anangozyolika. Munthu anawachotsa ntchito a hedi pagulu osadziwa. Ankafuna kunena esteemed, poti mawuwa akamatuluka mkamwa amamveka olemera.

Mphunzitsi wopuma, Thyolo boma:
Eya, ngakhale eni chilankhulo ena amasokoneza pomwepo. Alinso anzake, quondam wochokera ku Chilatini ndi whilom, koma amenewo ndiye anatheratu fasho, mukalemba kalata yofunsira ntchito ingolembani former, musadzivute.

Wa pa Luchenza:
Zikomo aphunzitsi, pa envelopu palidi Cholo! Amalume ndawawerengera zonsezi koma akukanabe, akuti mzungu sangawononge mawu aatali choncho pa munthu wamba.