Za ampu ija, mayankho ndawapeza

Abale anga, sabata yatha ndinafunsa ngati ampu ya gitala ya machubu ya mawati 15 ingakwane pa gulu lathu la kutchalitchi ku Mufakose, ku Harare. Ena munati ndi yaing'ono. Ayi ndithu, ikulira mokwanira, mpaka woimba ng'oma wathu anandipempha kuti nditsitse.

Ndi Fender Blues Junior, sipika imodzi ya mainchesi 12 m'bokosi lomwelo. Kumbuyo kuli machubu awiri a EL84 opatsa mphamvu, ndi atatu ang'onoang'ono a 12AX7. Ikayaka amafiira pang'onopang'ono ngati makala a pambaula, ndipo ndimadikira kaye kamphindi ndisanagunde waya. Reverb yake, yopangitsa mawu kumveka ngati m'chiholo, ndi ya masipiring'i, ukaigwedeza imachita kukhuluma.

Achimwene anabwera nayo kuchokera ku America, choncho imafuna mavoti 120, pomwe magetsi a kuno ndi 220 mpaka 240. Ndinakagula thiransifoma yotsitsa mphamvu m'tauni, yolemera ngati mwala.

Pa nyimbo za sungura ndimasiya volume pansi, master (volume yomaliza) m'mwamba, mawu amatuluka oyera bwino. Batani la Fat sindiligwira, limanenepetsa mawu mopitirira.