Benz 240D: mwini wake akufuna itsike, malimu a 17 wagula kale

Wa galaja ku Chinamwali:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndili ndi ntchito yandiimika mutu. Pagalaja pabwera Benz yakale, 240D ya dizilo, thupi lija amati W123. Mwini wake ndi mnyamata wa ku Chikanda konkuno ku Zomba, galimotoyi anamusiyira ndi malemu bambo ake, ndipo wayamba kupangitsa hayala pa maukwati. Akufuna zinthu ziwiri. Itsike mpaka tayala lilowe m'madigadi ngati zimene amaona pa Facebook, komanso ndimange malimu a 17 amene wagula kale ku Limbe, ochotsedwa pa C-Class. Ndayesa limodzi kutsogolo. Mabowo asanu akugwirizana, pakati likukhala bwino pa habu, koma ndikakhotetsa chiwongolero likukhula mkati, cha pa tie rod. Kumbuyo sindinayese. Iye akuti ndingodula masipuling'i ndi gilayinda, ena anamuuza kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Ukwati umene walandirira kale ndalama uli Loweruka la sabata yamawa. Ndichite bwanji kuti kasitomala asakhumudwe, galimoto isaonongeke?

Wamatayala pa Matawale:
Achimwene, musanagwire gilayinda tembenuzani limulo muwerenge manambala ali kumbuyo kwa masipoko. Muwerengenso limu lakale, ndi zolembedwa m'mbali mwa matayala onse awiri. Mutitumizire.

Wa galaja ku Chinamwali:
Latsopano lalembedwa 7.5J x 17 ET47, tayala lake 215/40 R17 83, la kaunjika. Lakale 5.5J x 14 ET30, tayala 175 R14 88.

Wamatayala pa Matawale:
Ndi pamenepo. Mabowo akugwirizana chifukwa zonsezo ndi 5x112 (mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112), bowo la pakati mamilimita 66.6, koma limu silithera pa mabowo. Latsopanolo ndi lotambalala mainchesi 2 kuposa lakale, amene ndi mamilimita pafupifupi 51, ndiye theka lake, 25, lapita mkati. ET, nambala yosonyeza mamilimita amene limu limalowera mkati mwa galimoto, yachoka pa 30 kufika 47, imeneyo yalikankhiranso mkati ndi 17. Pamodzi limu lasendera ku zitsulo za chiwongolero ndi mamilimita 42. Malo amenewo W123 ilibe.

Tayalalonso lili ndi mlandu wake. Khoma la 175 R14 ndi mamilimita pafupifupi 140, la 215/40 ndi 86 okha. Tayala lonse lafupika kuchoka cha pa 635 kufika 604. Galimoto yatsika kale ndi 16 musanakhudze sipuling'i, sipidomita ikamati 100 mukuyenda 95, ndipo injini ya 240D, imene imalira kale ikakhala pa liwiro, izilira moposa. Nambala 83 ija ndi makilogalamu 487 pa tayala, pomwe 88 ndi 560. Galimoto yonyamula akwati, aperekezi ndi mphatso m'buti siyofunika kuichepetsera mphamvu ya tayala.

Mnyamata wa ku Mpondabwino:
Mabwana, ine ndikuona ngati tikumupanikiza kasitomala. Galimoto ndi yake, ndalama ndi zake, ndipo Benz yotsika pa 17 imaoneka bwino zedi, anthu a ukwati amalipira maonekedwe. Ikani masipesa a mamilimita 20, mbale zija zoika pakati pa habu ndi limu, kuti limu lituluke, dulani koyilo imodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Ma Corolla ambiri m'tauni muno ndi odulidwa ndipo akuyenda. Mukamukanira apita kwa wina, akadula ziwiri.

Madala a ku Sadzi:
Mwana wanga, mawu ako omalizawo ndi oona, n'chifukwa chake sitiyenera kungomubweza. Koma Benz imeneyi si Corolla. Corolla kutsogolo ili ndi sitirati, sipuling'i ndi shoki zimatuluka pamodzi. W123 sipuling'i ili payokha, yakhala pa mkono wapansi, yaitali, yopanikizidwa mwamphamvu ngakhale galimoto ili pa jeke. Zingowe zija timakokera masipuling'i a magalimoto a ku Japan sizigwira bwino pamenepo, zimaterereka. Pamafunika chopanikizira cha mbale ziwiri chokhala ndi ndodo yodutsa mkati mwa sipuling'i. Sipuling'i ikapulumuka m'manja imathyola nsagwada kapena kupha munthu. Achimwene a ku Chinamwali, ngati mulibe chida chimenecho musalole mwana aliyense wa pagalaja kumasula mkono wapansi. Changa chilipo, mutume munthu adzatenge.

Za kudula. Ukachotsa koyilo sipuling'i imauma, mapeto ake sakhalanso bwino pa mpando wake, ndipo mtunda umene tayala limayenda lisanagunde labala wa pamapeto umachepa. Mashoki akale amenewo sanapangidwire mtunda waufupi. Amene amatenthetsa sipuling'i ndi gasi kuti ifwe ndiye amalakwitsa kwambiri, chitsulo chikapsa chimataya mphamvu, chimapitiriza kutsika chokha, mbali ina kuposa inzake, kenako chimathyoka.

Kumbuyo nkhani ndi ina. Tayala lililonse lili pa mkono wakewake, ndipo galimoto ikatsika matayala amapendekera mkati kumwamba. Ku fakitale sanaikeko posinthira. Tayala limadyeka mkati mokha, kunja likuoneka latsopano, mwini wake amadzadziwa mawaya atatuluka.

Ndiye taganizirani kumene galimotoyi iziyenda. Ichoke ku Chikanda pa msewu wa fumbi wokumbika ndi madzi, ikwere mahampu a pa M3 itadzaza anthu, akwati akafuna zithunzi ikwere phiri mpaka ku Mulunguzi Dam kapena Ku Chawe, itsikenso m'makona aja mabuleki atatentha. Pansi pa injini ya 240D pali kasampu kachitsulo, ndipo pamwamba pake penipeni pali poyamwira oyilo. Kakaphwanyika ndi mwala pampu imasowa oyilo, injini yapita. Magalimoto amenewa anapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, ena ankamangidwa ku East London ku South Africa, ndipo chimene chinawasunga m'misewu yathu mpaka lero ndi kutalika kwa pansi ndi mphira wochindikala.

Mnyamata wa ku Mpondabwino:
Madala, ndamva za chidacho, sindimadziwa kuti zingowe zimakana pamenepo. Koma funso langa likadalipo. Munthu akufuna itsike. Timuuza chiyani, kuti bambo ake ankayenda nayo choncho ndiye nayenso ayende choncho?

Madala a ku Sadzi:
Ayi. Njira yotsitsira ilipo ndipo anaisiya ndi a Mercedes eni ake. Pamwamba pa sipuling'i iliyonse pali labala wokhala ndi timadontho m'mphepete. Kutsogolo alipo a mitundu inayi: dontho limodzi ndi mamilimita 8, awiri 13, atatu 18, anayi 23. Kumbuyo mitundu itatu, 9.5, 14 ndi 19. Ukaika wopyapyala galimoto imatsika, ndipo pa tayala imatsika kuposa kusiyana kwa malabalawo, chifukwa sipuling'i ili cha mkati mwa mkono. Sudula kanthu, ndipo mwini wake akadzasintha maganizo umabwezera wakale.

Achimwene, iimikeni pa simenti yosalala, mupope matayala mofanana, muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi. Kenako mulowetse tochi muwerenge madontho. Ndikukayika kuti chimene chikumunyansa mnyamatayo ndi kutalika kwa galimoto yonse.

Wa galaja ku Chinamwali:
Madala, mwalasa. Ndayeza. Kumbuyo yakhala kale pansi, tayala latsala pang'ono kubisika, ndipo matayala akumbuyo adyeka mkati monga mwanenera. Kutsogolo ndiye kuli m'mwamba, chibakera chikulowa pakati pa tayala ndi madigadi. Malabala akutsogolo ali ndi madontho anayi, akumbuyo atatu. Ukaima patali ikuoneka ngati bwato la pa Kachulu litadzaza kumbuyo. Ndamuitana mwini wake, ndamuonetsa, wavomera kuti mpata wa kutsogolowo ndi umene umamupweteka m'maso.

Madala a ku Sadzi:
Basi kumbuyo musakhudze, masipuling'i atopa kale, labala ali pa wamkulu. Muonenso mabushi a mikono ndi malabala onyamula chitsulo chachikulu cha kumbuyo, akafa nawonso amakhazika galimoto pansi. Kutsogolo chotsani a madontho anayi muike a awiri. Musathamangire a dontho limodzi, yambani mwaona mmene ikhalire.

Mayi a shopu ya masipeya:
Bambo a ku Chinamwali, malabalawo si odula, vuto ndi kuwapeza. Pashelefu ndilibe, koma ndili ndi munthu akuchokera ku Johannesburg pa basi, atha kufika nawo Lachiwiri mukatsimikiza lero. Munditumizire nambala ya chasisi.

Za malimu ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe. ET47 pa 17 ikuonetsa kuti achokera pa C-Class ya W204, imene inayamba 2007. Imeneyo imagwiritsa mabawuti a M14, onenepa mamilimita 14, pomwe W123 ndi M12, onenepa 12. Mutu wa bawuti ya Benz ndi wobulungira, ndipo mpando wa pa limu la M14 ndi wokulirapo, ndiye bawuti yaing'ono imagwira pang'ono chabe. Imaoneka yothina pagalaja, pamsewu imamasuka. Masipesa sakonza zimenezo, amangowonjezera kufunika kwa mabawuti aatali.

Ngati akufunitsitsa aloyi, asake a 15 ochokera pa C-Class zakale, W202 kapena W203. Zina zinkabwera ndi 6J x 15 ET31, mabawuti M12, ndiye limu limakhala pafupifupi pomwe lakale linali. Koma muwerenge kumbuyo musanalipire, a W124 amaoneka ofanana koma ET yawo ili cha ku 49, vuto lomwe lija libwerera. A 17 aja angagulitsidwe mosavuta, eni ma C-Class ku Blantyre amawafuna.

Wamatayala pa Matawale:
Mayi anena zoona. Pa 15 ikani 195/65 R15. Kutalika kwake ndi 634 ndi theka, chimodzimodzi ndi lakale, sipidomita sinama. Khoma ndi 127, lokwanira kumeza dzenje, nambala ya katundu nthawi zambiri 91, makilogalamu 615. Ubwino wina ndi wakuti saizi imeneyi ndi ya ma Noah ndi ma Voxy, tayala likaphulika ku Liwonde kapena ku Jali mupeza lina tsiku lomwelo. 215/40 R17 mukaisake kuti kumeneko?

Pogula a kaunjika muone manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala likhoza kukhala ndi mapanga akuya koma mphira utauma ndi ukalamba, ming'alu ili m'mbali. Mupewenso aja olembedwa studless, okhala ndi timizere tambirimbiri. Anapangidwira chisanu cha ku Japan, pa phula lotentha la Okutobala amafewa, amatha msanga, ndipo galimoto imachedwa kuima.

Wowotcherera ku Ndola:
Bwanji osangoika a minibasi, 195 R14C, pa malimu akalewo? Amenewo safa.

Wamatayala pa Matawale:
Safa, koma ndi aatali ndi mamilimita opitirira 30 ndipo khoma lake ndi louma, lopangidwira Hiace yodzaza. Galimoto ikwera m'malo motsika, ndipo mkwatibwi amva mwala uliwonse.

Madala a ku Sadzi:
Ine mtima wanga uli pa malimu a 14 omwewo ndi mawilukapu ake opentedwa mtundu wa galimoto, nyenyezi pakati. Pa ukwati palibe aloyi amene amaposa amenewo akapukutidwa. Koma 15 sindikana, ndi yabwino. Mumuuze mnyamatayo asagulitse akalewo, awasunge m'nyumba, tsiku lina adzawafuna ndipo sadzawapeza.

Chenjezo lomaliza ndi mabawuti. A malimu achitsulo ndi aafupi, a aloyi aatali, osasakaniza. Kumbuyo nsapato za handibuleki zili mkati mwa disiki. Bawuti ikatalika imalowa n'kukakola masipuling'i ake, mumva tsekechetsekeche, kenako zonse zaphwanyika. Ikafupika sigwira mokwanira. Muwerenge, izungulire kasanu ndi kamodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndiye muzungulitse tayala ndi dzanja galimoto ili m'mwamba, mumvetsere. Kutsogolo muone ngati kapu ya pakati pa limu sikukanikiza kapu ya girizi. Kuthina ndi 110 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu, osati kudumphira pa paipi.

Wa galaja ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Malabala anafika, zikomo Mayi. Chida cha Madala chinagwira ntchito bwinobwino, ndabweza. Kutsogolo yatsika pafupifupi mamilimita 20 ndipo tsopano yaima mofanana ndi kumbuyo. Mabushi awiri akumbuyo anali atang'ambika, ndasintha. Malimu a 15 tawapeza ku Limbe komweko, ET31, wogulitsa anavomera kusinthana ndi a 17 aja n'kuwonjezera pang'ono. Matayala 195/65 R15 atsopano awiri, a kaunjika abwino awiri. Ndakweza amuna anayi, tadutsa mahampu mpaka ku Thondwe ndi kubwerera, sinagunde paliponse, chiwongolero chikukhota mpaka kumapeto osakhula. Mwini wake wajambula zithunzi, akuti bola. Akunenabe kuti chaka chamawa akufuna itsikenso, ndamuuza kuti tiyambe tagula masipuling'i akumbuyo atsopano ndi mashoki.

Wamatayala pa Matawale:
Atsopano awiriwo akhale kumbuyo, achimwene, mvula ikayamba kumbuyo ndi kumene kumathawa m'makona a kuphiri. Ndipo poti kutsogolo kwatsika, alayimenti yasuntha. Bwerani nayo mawa m'mawa ndisanachuluke anthu, tiikonze, tithinenso mabawuti isanapite kokongoletsa.