Andibweza pa inshuwalansi ya moyo chifukwa cha kunenepa, ndipange bwanji?

NaBanda wa ku Mabvuku:

Moni abale anga a kuno ku Harare. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse mwina alipo anadutsamo. Ndine mayi wa zaka 41, ana atatu, bambo awo anatisiya kalekale, ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Msasa. Ndinapita ku kampani ina mtauni kukafuna inshuwalansi ya moyo kuti ndikadzatsogola anawa asadzasiyire sukulu panjira. Ejenti anandilandira bwino, tinalemba mafomu, kenako ananditumiza kwa nesi wawo. Pa sikelo ndinali 104 kg, kutalika 1.62 m, anandiyeza BP, kutenga magazi ndi mkodzo womwe. Kalata yabwera ikuti pakadali pano sangandipatse, ndidzayesenso pakatha chaka, ejenti akuti nkhani ndi thupi langali. Koma ine sindidwaladwala, shuga ndilibe, BP yokha ndi imene ndimamwera mankhwala ndipo ili bwinobwino. Kodi ndiye kuti basi zatha? Mnzanga wa kutchalitchi akuti ndipite kwina ndikangolemba 85 kg pa fomu poti ena sayeza. Mtima sukundilola koma ndapanikizika.

Achimwene a ku Highfield:

Achemwali, za mnzanuyo zitayeni kaye. Ine ndinagulitsako ma policy ndipo chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi chimenechi, munthu kulipira zaka ndi zaka, tsiku la maliro kampani nkuitanitsa mabuku a kuchipatala, nkupeza kuti zomwe analemba pa fomu sizoona. Pamenepo ali ndi ufulu wokana kulipira, ndipo amene amalira ndi ana, inu palibe woti akufunseni. Komanso mankhwala a BP mukumwawo ndiye kuti kulemera kwanu kunalembedwa kale ku kiliniki.

Chomwe akuwerengera ndi BMI, muyezo wofananitsa kulemera ndi kutalika kwa munthu. Amatenga makilo anu nkugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsa ndi iko komwe, ndiye 1.62 kuchulukitsa ndi 1.62 ndi 2.62, kugawa 104 ndi imeneyo mukupeza 39.6. A WHO amati kuyambira 25 munthu wapitirira muyezo, 30 ndi kunenepa kwambiri, 40 ndiye gawo lomaliza, ndiye inu muli pakhomo penipeni pa 40 kuphatikizapo BP, nchifukwa chake achita mantha. Sakunena kuti mukudwala lero ayi, akuyang'ana zaka zikubwerazi, shuga, mtima, sitiroko, impso. Koma onetsetsani bwino kalatayo, sanakukaneni, akuimitsani kaye, ndipo izi ndi zosiyana. Komanso kampani iliyonse ili ndi malire ake, pomwe ina yaima ina imatha kukulandirani nkungokweza ndalama ya pamwezi, amati loading. Musamayende nokha khomo ndi khomo, pezani broker, munthu wokufufuzirani ku makampani osiyanasiyana, wolembetsedwa ku IPEC, bungwe loyang'anira za inshuwalansi ndi penshoni kuno ku Zimbabwe, mumuuze zonse poyera ndi za kalatayi zomwe, iye afufuze kaye kuti ndi ndani angakutengeni musanalembe fomu ina, chifukwa mafomu ambiri amafunsa ngati munabwezedwapo kwina.

China, kafunseni kwa a HR kuntchito kwanu ngati muli pa group life, inshuwalansi ya moyo ya antchito onse pamodzi. Mabwana ambiri omwe ali ndi penshoni ya antchito amakhalanso nayo, ndipo mpaka pa mlingo wina wa ndalama simuyezedwa nkomwe, mumalowa ngati gulu. Anthu ambiri ali nayo koma sadziwa.

Gogo Phiri, Mbare:

Mwana wanga ine ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Ife tinalipira ma policy kuyambira tili anyamata, itafika 2008 ndalama inasanduka mapepala, 2009 atasintha kupita ku dola ya America anthu anauzidwa kuti zomwe anasunga moyo wawo wonse zatsala timadola tochepa. Mpaka boma linaika komishoni ya Justice Smith mu 2015 kufufuza nkhaniyi. 2019 ndalama inasinthanso, 2024 kunabwera ndalama ina ya ZiG. Ndiye ine za makampani zinandichoka mumtima. Chomwe chatisunga ife a kwathu kuno ndi ma burial society, makolo athu anayamba kale ali m'migodi ndi m'mafamu, palibe amakukweza pa sikelo, ukamwalira anzako amabwera ndi bokosi, ufa, ndiwo, ena mpaka kuperekeza thupi kudzera pa Nyamapanda, Tete, kukalowa pa Mwanza. Lowani kumeneko, yotsalayo muzigulira njerwa.

Mayi a mapasa, Mufakose:

Agogo zomwe mwanenazo ndi zoona ndipo palibe angakutsutseni, bambo anga nawonso anataya zawo momwemo. Koma pepani ndisiyane nanu pang'ono. Burial society ndi funeral policy, kaya ya Nyaradzo kaya Doves kaya EcoSure, ntchito yake ndi maliro basi. Ndi zabwino ndithu ndipo a NaBanda ngati mulibe tengani, nthawi zambiri safunsa za makilo, mumangodikira miyezi ingapo isanayambe kugwira pa imfa ya matenda. Koma anthu akabalalika pasiwa lendi ikufunika, fizi ikufunika, bokosi silingalipire zimenezo. Afunsawa akuganiza za ana.

Ine ndinali ngati inu achemwali, ndinalandiridwa ndi loading ndipo ndinavomera ngakhale inali yowawa, ndinangotsitsa ndalama yomwe ana adzalandire kuti ya pamwezi ndiikwanitse, ndipo ndinasankha ya zaka zowerengeka, yongofika pamene wamng'ono amalize sukulu, imeneyo imatsikako mtengo kusiyana ndi ya moyo wonse. Ndinaonetsetsanso kuti palembedwe kuti ndikulipira mu USD ndipo adzalipiranso mu USD. Za thupi sindinachite zodabwitsa, nsima ndinachepetsa mtanda, masamba ambiri, tiyi wopanda shuga, zakumwa za m'botolo ndinasiyiratu, kombi ndimatsika patali ndithu nkumaliza wapansi. Makilo atatsika nkukhazikika ndinalemba kalata yopempha andiyezenso ndipo loading anaichepetsa. Koma musathamangire tiyi wochepetsa thupi amagulitsa pa WhatsApp uja, makamaka inu a BP, ndipo makampani safuna wotsika mwezi umodzi, amafuna aone kuti wakhalapo nthawi. Kwa kutalika kwanuko mukafika cha pa 91 kg BMI yatsika pansi pa 35, nkhani imayamba kumveka mwina.

NaBanda wa ku Mabvuku:

Zikomo nonse, agogo nanunso zikomo, society ndilimo kale ya kutchalitchi. Za 85 kg ndazisiya. Lolemba ndikafunsa a HR. Achimwene, ndingathe kupempha zotsatira za magazi anandiyeza aja?

Achimwene a ku Highfield:

Pemphani polemba kalata, ambiri amazitumiza kwa dokotala wanu osati kwa inu mwachindunji, ndiye mulembemo dzina la kiliniki yomwe mumapita. Ndipo kabuku kanu ka BP muzikalembetsa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi makilo, broker adzakafuna.