Kodi magalasi a VR angandichotse mantha a ndege?

Nachisale, Leeds:
Abale, ndigawireniko nzeru. Patha zaka 6 ndisanapite kumudzi. Vuto si ndalama ayi, ndi ndege. Paulendo womaliza, titangochoka ku Addis Ababa, ndege inagwedezeka mpaka tiyi anatayikira pa chitenje cha mayi amene ndinakhala nawo pafupi. Ine mtima unkangoti phaphapha, manja thukuta lokhalokha, mpweya kubanika. Chichokereni tsiku limenelo, ndikangofuna kugula tikiti m'mimba mumatentha. Chaka chatha agogo anga anatisiya ku Ntcheu ndipo maliro ndinaonera pa WhatsApp. Zimandiwawa mpaka lero.

Mlangizi amene ndimakaonana naye akuti tiyese VR, magalasi aja ana amasewerera magemu. Akuti ndizidzaona ngati ndili m'ndege pomwe ndakhala pampando mu ofesi mwake. Nanga poti ndikudziwa kuti n'zongopanga, zindichiza bwanji?

Bambo a Tadala, Johannesburg:
Achemwali, pepani za agogo. Mutu umadziwadi kuti n'zongopanga, koma miyendo sidziwa. Ine ndimapenta nyumba, ndipo nditagwa pamakwerero ndinayamba kuopa malo okwera mpaka ntchito inatsala pang'ono kutha. Tsiku loyamba kuvala magalasiwo ndinapezeka ndili pakhonde la nyumba yosanja, magalimoto pansi akuoneka ngati nyerere. Maondo ananjenjemera, ndinagwiritsitsa desiki. Mlangizi ankangofunsa kuti, "Mantha ali pati, kuyambira 0 mpaka 10?" Ndinati 9. Anati ndisavule, ndingoima pomwepo ndizipuma. Patapita mphindi zingapo ndinati 6. Panopa ndimakwera, ngakhale mtima umayambabe wadumpha.

Namwino Chisomo:
Mayi Nachisale, chimene chimachiza si magalasiwo, koma kukumana ndi chimene mumaopa pang'onopang'ono osachithawa, mpaka thupi lizolowere kuti palibe choopsa chikuchitika. Kupewa ndiko kumakulitsa mantha. Njirayi ndi yakale, VR yangoipeputsa. Mu 1995 a Barbara Rothbaum a ku Emory University ku Atlanta ndi anzawo anaonetsa kuti VR imathandiza oopa malo okwera. Mu 2018 gulu la a Daniel Freeman ku Oxford linachita kafukufuku wa VR pa anthu 100 oopa malo okwera, ndipo mlangizi wake anali wa mu kompyuta momwemo. Ina mwa ntchito zimene ankapatsidwa inali yopulumutsa mphaka panthambi ya mtengo ali pamwamba. Mantha anatsika kwambiri mwa amene anavala magalasi.

Kwa inu ubwino wake ndi woti ndege ikhoza kunyamuka kakhumi tsiku limodzi, popanda tikiti. Mukhoza kuyamba ndi kungokhala pampando injini isanalire, kugwedezeka kuja n'kudzabwera pambuyo. Ena amamva chizungulire kapena nseru, mukamva choncho muuzeni mlangizi. Koma chonde musagule magalasi n'kumadziyesa nokha kunyumba, mungayambire povuta n'kuvula mantha ali pachimake. Pomaliza mudzafunikabe kukwera ndege yeniyeni. Yambani ndi ulendo waufupi, monga wa ku Dublin.

Nachisale, Leeds:
Zikomo nonse. Bambo a Tadala, mawu anu a miyendo aja andifika pamtima, chifukwa powerenga chabe za khonde lanulo manja anga anyowa. Ndamuimbira mlangizi, tiyamba Lachinayi. Amalume akuti chiliza cha agogo amanga mu Ogasiti, ndipo ndawauza kuti asachivundukule ine ndisanafike.