Mwana wanga akufuna kupita ku mwezi, ndimuyankhe chani?

NaBanda_Salima:
Anzanga ndithandizeni. Dzulo magetsi atathima tinakhala panja pa mkeka, kutentha kwa Salima mukukudziwa kale, ndiye kamwana kanga ka Sitandade 4 kayang'ana kumwamba nkuyamba mafunso. Akuti amayi, anthu amene amapita ku mwezi aja akafuna kuchimbudzi amatani? Ine kukamwa yasa. Lero mmawa ndapeza kaboola ndowa yanga yotungira madzi mabowo awiri a maso nkuvala kumutu akuti kayamba kukonzekera ulendo, ndowa yatsopano abale. Inu ana anu mumawayankha bwanji mafunso oterewa?

Aphunzitsi_a_ku_Linga:
Mayi musamukalipire kwambiri, funso lakelo ndi lanzeru. Muuzeni kuti mchombo cha mumlengalenga chilichonse chimangoyandama ndiye chimbudzi chake chimachita kukoka ndi mpweya, apo ayi zinthu zitha kumauluka mchipinda monse kkkk. Pa International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga momwe mumakhala anthu ochita kafukufuku, yomwe ili makilomita pafupifupi 400 kumwambaku, mkodzo sataya, amausefa nkukhalanso madzi akumwa chifukwa kutumiza madzi kuchokera pansi pano ndi kodula zedi. Pogona amalowa mthumba lomangirira kukhoma kuti asadzuke ali kwina. Chinthucho chimazungulira dziko lonse mmphindi 90 zokha ndiye dzuwa limawatulukira ka 16 pa tsiku, tangoganizani kudzutsa mwana wa sukulu ka 16. Koma mwezi ndiye uli kutali, makilomita pafupifupi 384,000, Neil Armstrong ndi anzake ananyamuka pa 16 July 1969 nkukatera pa 20.

Mkulu_wa_Chilimira:
Ife kuno ku Senga Bay mwezi timaudziwa bwino kuposa a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga. Ukangowala kwambiri usipa subwera ku nyali, anyamata amabwerako mmawa bwato lili gwa lopanda kanthu, kenako amayi omwewa ayambe kudandaula pa msika kuti mulu wachepa. Ndiye muuzeni mwanayo kuti akakafika akauphimbeko mbali imodzi tiziphako bwino, tidzamupatsa ndiwo zaulere.

Nachisale:
Kkkk achimwene inu. Koma NaBanda bisani migolo yonse pakhomopo. Ku Zambia konkuno mu 1964 kunali mphunzitsi wina Edward Mukuka Nkoloso amene anatsimikiza kuti apitirira America ndi Russia, ankalowetsa achinyamata mu mgolo nkumawagubuduza pa chitunda akuti azolowere za mumlengalenga, mpaka ankafuna kutumiza mtsikana ndi amphaka ku Mars. Mwana wanu akamva nkhaniyi mupeza mng'ono wake akugubuduzika. Wanga anandifunsa chifukwa chake mwezi umatitsatira tikakhala pa kabaza, ndinangoti ukafunse bambo ako, bambo akenso anati ukafunse aphunzitsi.

Gogo_wa_Dwangwa:
Ine zoti munthu anaponda pa mwezi sindimazikhulupirira ayi. Minibasi yochoka pa Nkhotakota kukafika pa Salima imatha theka la tsiku ikuima paliponse, nanga ku mweziko masiku anayi okha? Anatijambulira kanema basi.

Aphunzitsi_a_ku_Linga:
Agogo anapitadi, ndipo si kamodzi. Anthu 12 anayendapo pa mwezi pakati pa 1969 ndi 1972, anabwerako ndi miyala yomwe mpaka lero akuipimabe. Roketi siima pa siteji kudikira pasinjala. NaBanda madzulo ena dzuwa likangolowa mutuluke naye, mukaona kanyenyezi kowala kakuyenda mwachangu kosaphethira, nthawi zambiri ndi siteshoni ija, mumuuze kuti muli anthu mmenemo.

Gogo_wa_Dwangwa:
Miyala ndiye nanenso ndili nayo kuseri kwa nyumba aphunzitsi. Chabwino anapita, nanga anakalimako chani?