Kodi makina adzaposa nzeru za munthu?

Wofunsa:
Abale, nkhani ya nzeru za makina, zomwe ambiri amazitcha AI, ikundisowetsa mtendere. Mu 1997 kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa katswiri Garry Kasparov pa masewero a chess, ndipo mu 2016 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa AlphaGo inapambana katswiri Lee Sedol masewero anayi mwa asanu a Go, masewero akale a ku China oseweredwa ndi timiyala pa bolodi. Kodi tsiku likubwera pamene makina adzatiposa pa chilichonse?

Yankho loyamba:
Ine ndikuona kuti tisafulumire kuda nkhawa. Deep Blue inkasanthula mayendedwe mamiliyoni ambiri pa sekondi imodzi, koma kunja kwa masewerowo sinkadziwa kanthu. Mapulogalamu amakono monga ChatGPT amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zochuluka zedi, kenako amalosera mawu oyenera kutsatira, n'chifukwa chake nthawi zina amanena zabodza molimba mtima osazindikira kuti alakwitsa. Koma mwana wamng'ono akagwira mphika wotentha kamodzi kokha, sabwerezanso, pakuti waphunzira ndi thupi lake lomwe.

Yankho lachiwiri:
Mwanena zoona, koma sindikugwirizana nanu kwathunthu. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti Go idzatenga zaka zambiri kuti makina aigonjetse, komabe zinachitika msanga. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ntchito zolemba, zomasulira ndi zowerengera zikulowa m'manja mwa makina, pomwe makinawo ali m'manja mwa makampani ochepa chabe. Ndani adzawafunse akalakwitsa?

Wofunsa:
Zikomo nonse. Funso lomalizali ndilo landikhudza kwambiri.