Council tax anadula nditabwerera kale ku Lilongwe, ndingaitenge bwanji?

Nachisale (Area 25): Mwaswera bwanji abale anga. Ndithandizeni nzeru. Ndinabwerera kuno kumapeto kwa Okutobala, kampani yosamalira okalamba imene inandiitana ku England italandidwa chiphaso. Dzulo ndayang'ana mu akaunti yanga ya banki ya kumeneko, ndapeza kuti khonsolo yakhala ikudulabe council tax, msonkho wa nyumba imene munthu ukukhalamo, mpaka Januwale. Nyumba ndinatuluka, makiyi ndinabweza. Ndalama zimenezi zimabwera, kapena ndingoziiwala?

Bambo Kamanga (Leeds): Musaziiwale achemwali, ndi thukuta lanu limenelo. Koma ndifunse kaye, khonsolo inauzidwa kuti mwasamuka?

Nachisale: Alandilodi anati akanena okha. Zikuoneka kuti sananene.

Bambo Kamanga: Ndiye m'mabuku mwawo mukadali m'nyumbamo. Mvetsani mmene msonkhowu umayendera. Chaka chake chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo amawerengera tsiku ndi tsiku. Koma ambirife timalipira m'magawo 10, Epulo mpaka Januwale, Febuluwale ndi Malichi n'kupuma. Apa ndiye kuti mwezi uliwonse mumakhala mwalipiriratu kutsogolo pang'ono. Tiyerekeze kuti bilu ya chaka ndi £1,800, pamwezi £180. Munthu wotuluka pa 31 Okutobala wakhala masiku 214, ngongole yake yeniyeni ndi £1,055 basi. Akanasiya kulipira mu Okutobala momwemo, akanakhala atapereka £1,260, yobwerera £205. Inu amene adula mpaka Januwale mwalipira chaka chonse, pa chitsanzo chimenechi yobwerera ndi £745. Ikanimo manambala a pa bilu yanu muone.

Nachisale: Mayo ine! Imeneyo ndi fizi ya mwana ndi feteleza yemwe.

Mayi a Tadala (Nottingham): Bambo Kamanga anena zoona, koma musathamangire kuiwerengera ndalamayo achemwali. Pali pamene ambiri amakodwa. Tsiku limene mwanyamula katundu ndi tsiku limene pangano la lendi latha si limodzi. Ngati munasainirana miyezi 6 kapena kupitirira, inu n'kutuluka pangano lisanathe, nyumba n'kukhala yopanda munthu, khonsolo ikhoza kunena kuti wolipira ndinube mpaka tsiku lothera panganolo. Mukapulumuka ngati alandilodi anavomera kuti pangano lithe msanga, kapena ngati munalowa munthu wina. Wina akangolowa, msonkho ndi wake kuyambira tsiku lomwelo. Ndiye funafunani chilichonse cholembedwa: imelo imene anavomera notisi yanu, pepala loyendera nyumba potuluka, uthenga wobwezera dipoziti. Tikiti ya ndege ndi chidindo cha ku KIA mu pasipoti zimaonetsa kuti munachoka m'dziko, koma pazokha sizithetsa nkhani ya pangano.

Nachisale: Notisi ya mwezi umodzi ndinapereka, iwo anayankha pa WhatsApp kuti palibe vuto. Dipoziti inabwera mu Novembala.

Mayi a Tadala: Jambulani uthengawo lero lomwe, deti lizioneka, foni isanasowe m'minibasi ya ku Nsungwi.

Chikondi (Manchester): Anti, pa webusaiti ya khonsolo yanu pali fomu ya anthu osamuka. Adzafuna nambala ya akaunti ya council tax imene ili pamwamba pa bilu, adiresi yakale, tsiku lotuluka, dzina la alandilodi ndi kumene muli tsopano. Akatseka akaunti amatumiza bilu yomaliza, yoonetsa ndalama yotsala. Makhonsolo ena amabweza okha ngati mumalipira ndi direct debit (chilolezo choti azidula okha ndalama mu akaunti yanu ya banki), ena amadikira mudzaze fomu ina yopempha. Mukakhala chete ndalamayo imangogona m'mabuku mwawo. Muwauzenso kuti azikulemberani pa imelo, kalata ya pa positi ingakupezeni Khirisimasi.

Bambo Kamanga: Chachikulu kuposa zonse: akaunti ya banki ya ku UK musatseke. Makhonsolo ambiri amabweza kudzera mu akaunti ya konkuno, ena amalemba cheke cha mapaundi, ndiye muziyenda nacho m'mabanki a ku Old Town mpaka nsapato kutha. SIM ya ku UK muisungenso yamoyo, chifukwa banki imatumiza manambala achinsinsi pa foni imeneyo. Ndalama ikalowa mudzaitumiza nokha pa WorldRemit kapena Mukuru, kufikira mu Airtel Money kapena Mpamba, mutaona kaye mmene kwacha ilili tsiku limenelo.

Yohane (Johannesburg): Nanga munthu amene anatseka kale akaunti? Ndikufunsira alamu anga, ali ku Kawale.

Chikondi: Alembere khonsolo afunse ngati imatumiza kunja, akhale ndi SWIFT code (nambala yozindikiritsa banki potumiza ndalama kunja) ya banki yawo ya kumudzi. Kapena alembe kalata yosaina yololeza kuti ndalama ilowe mu akaunti ya m'bale wodalirika. Malamulo ake amasiyana khonsolo ndi khonsolo. Ngati bilu inali ndi maina awiri, angafune onse awiri avomereze.

Anaphiri (Coventry): Nachisale mwanawe, m'nyumbamo unkakhala ndi ndani?

Nachisale: Poyamba tinali awiri amayi, mnzangayo anapeza ntchito kwina n'kusamuka mu Juni. Kuchokera pamenepo ndinali ndekha.

Anaphiri: Ndiye pali ina. Wamkulu akakhala yekha m'nyumba amamuchotsera 25%. Ngati sunapemphe nthawi imeneyo, pempha tsopano kuti awerengere kuyambira tsiku limene mnzakoyo anatuluka, upereke adiresi imene anapita. Zimandiwawa kuona ana athu akugwira mashifiti a maola 12, kunyamula okalamba msana kuphwanya, kenako n'kusiya ndalama zawo chifukwa cha manyazi ofunsa. Sukupempha chithandizo, ukutenga chako. Ndipo amene mukukhala ndi mwana wa sukulu yaukachenjede wophunzira nthawi yonse, iyeyo sawerengedwa, inunso 25% ikukukhudzani.

Mphatso (Luton): Ine ndimachita lendi chipinda chimodzi, khitchini timagawana anthu asanu, aliyense ndi pangano lake. Ndikamachoka ndidzaitanitsenso?

Bambo Kamanga: Ayi achimwene. Nyumba zotere amazitcha HMO, wolipira council tax ndi mwini nyumba, anaiphatikiza kale mu lendi. Dzina lanu kukhonsolo kulibe, palibe choti akubwezereni.

Mayi a Tadala: Amene mukukonzekera kubwerera kumudzi kapena kupita ku Ireland ndi ku Australia, musangodula direct debit kubanki n'kukwera ndege. Khonsolo ikaona kuti ndalama sizikulowa imakatenga liability order, chigamulo choti muli ndi ngongole, ku khoti la majisitireti, n'kuwonjezerapo ndalama za khoti, dzina lanu n'kupita kwa otolera ngongole. Uzani khonsolo kaye, bilu yomaliza ibwere, kenako dulani.

Yohane: Ndi chimodzimodzi ma city rates a kwathu. Amene muli ndi nyumba ku Area 47 kapena 49, musamangotumiza ndalama kwa achibale, muziwauza ajambule risiti ya ku Civic Offices.

Chikondi: Chenjezo anti. Mukalandira uthenga pa foni woti dinani apa mulandire council tax yanu, ndi akuba amenewo. Enanso amati tikutengerani koma tidulapo gawo lathu. Kuitanitsa n'kwaulere, lowani pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, lembani postcode ya adiresi yanu yakale, ikulozerani khonsolo yanu.

Nachisale: Nanga akakana tsiku limene ndikunenalo?

Bambo Kamanga: Mumawalembera kuti simukugwirizana nazo, ndi zifukwa zake. Ali ndi miyezi 2 yoyankha. Akakana kapena kukhala duu, mumakadandaula ku Valuation Tribunal, bwalo lomva madandaulo a msonkhowu, osalipira kanthu. Koma ngati uthenga wa alandilodi ndi umboni wa dipoziti zili m'manja, sindikuona mukufika kumeneko. Mukafuna kuwaimbira, kumbukirani kuti nyengo yozizira ya kuno ku UK inu muli patsogolo ndi maola 2.

Anaphiri: Ukatha zimenezo utenge P45 yako, pepala la malipiro ndi msonkho limene abwana amapereka ukasiya ntchito, udzaze fomu ya P85 ya anthu ochoka ku UK ku HMRC, bungwe lotolera misonkho. Unasiya ntchito chaka cha msonkho chili pakati, mwina anakudula wochuluka pa malipiro. Kampani ya magetsi ndi gasi uifunsenso ngati panatsala kanthu.

Nachisale: Bilu ndaipeza m'chikwama cha mapepala, nambala ikuoneka bwinobwino. Magetsi akangoyaka nditchaje laputopu ndidzaze. Mayi a Tadala, ndikutumizirani kumbali uthenga wa alandilodi uja muuone ngati ukukwanira.

Mayi a Tadala: Tumizani achemwali, ndiuona ndikaweruka 8 koloko. Mutumizenso tsamba loyamba la pangano la lendi, pamene pali madeti.